Kalata yoyamikira bungwe la Global Fund potsitsa mtengo wa mankhwala a malungo

Kwa akuluakulu a bungwe la Global Fund,
Geneva.

Mabwana ndi madona,

Ife azaumoyo ogwira ntchito m'madera akutali ndi zipatala tikukuthokozani chifukwa cha ndondomeko yotsitsa mtengo wa mankhwala a malungo, yotchedwa AMFm, yomwe munayamba mu 2010 m'maiko monga Ghana, Kenya, Nigeria, Tanzania ndi Uganda. Munkalipiriratu gawo lalikulu la mtengo kwa opanga mankhwala, kotero oitanitsa ankagula motchipa, kutchipako nkufika mpaka kwa wogulitsa wakumudzi. Paketi yake inali ndi chizindikiro cha tsamba lobiriwira, choti ngakhale wosadziwa kuwerenga ankachizindikira.

Phindu lalikulu nlakuti mankhwala akatchipa, wodwala amatha kugula paketi yathunthu. LA, mankhwala a malungo osakaniza artemether ndi lumefantrine, amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: koyamba, kenako pakatha maola 8, ndiye m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo kuyambira makilogalamu 35 ndi anayi, kutanthauza mapiritsi 24 kwa munthu wamkulu. Mankhwala akakwera mtengo, kholo limagula theka kapena kugawira ana awiri paketi imodzi. Thupi limazizira ndithu tsiku lachiwiri, chifukwa artemether amapha tizilombo msanga, koma sakhalitsa m'magazi. Womaliza totsalato ndi lumefantrine, yemwe amafuna mlingo wonse, komanso mkaka kapena chakudya chamafuta kuti alowe bwino m'thupi. Mlingo ukaperewera, malungo amabwereranso pakatha masabata ochepa. Kutchipaku kunathandizanso kuti anthu ena asiye mankhwala akale a chloroquine ndi SP (Fansidar), omwe tizilombo tinawazolowera kale.

Pali vuto limodzi lomwe sitingakubisireni. Mankhwala akatchipa, aliyense wotentha thupi amangogula osayezetsa, makamaka akuluakulu. Choopsa kwambiri chimagwera mwana wa chibayo, yemwe amamwa LA masiku atatu uku mapapo akuipiraipira. Nchifukwa chake kuyambira 2010 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti magazi ayambe ayezedwa. Kachipangizo koyezera kamangofuna kadontho ka magazi a pachala ndi mphindi 15 mpaka 20, koma ngati kuyezetsa kudula kuposa mankhwala, palibe angayezetse.

Choncho pempho lathu nlakuti paliponse pomwe thandizo lanu likutsitsa mtengo wa LA, litsitsenso wa zoyezera, ndipo ogulitsa aphunzitsidwe kusunga zonsezi pamalo ozizira bwino, osati pansi pa malata otentha. Musaiwalenso mankhwala a malungo aakulu, artesunate woika kumako, wothandiza mwana wosakwana zaka 6 yemwe akukomoka kapena kusanza chilichonse, kuti akafike kuchipatala ali moyo.

Zikomo kwambiri, ndipo musatope.

Ife anu,
Azaumoyo a m'madera ovuta kufikako