Lipoti la nthumwi: zimene takaphunzira za kukonza nyumba yakale ya pafamu ku Goromonzi

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo nonse,

Munatituma atatu, mmisiri womanga, kalipentala ndi wa mipope, kuti tikakhale nawo pa msonkhano wa masiku awiri wa anthu okonza nyumba zakale, umene unachitikira pa famu ina m'boma la Goromonzi, kum'mawa kwa Harare. Funso lanu linali lakuti: nyumba ya pafamu imene gulu likufuna kubwereka kuti muzikhala okalamba athu, kodi ingakonzeke ndi manja athu, ndipo tiyambire pati? Yankho ndi lakuti ingakonzeke, koma ndondomeko imene tinagwirizana ku Mabvuku mu Harare, yoyamba ndi kugula simenti ndi penti, iyenera kusinthidwa. Simenti ibwere pang'ono, penti abwere komalizira. Choyamba ndi kuchotsa madzi pa nyumbayo.

Nyumba imene tinaphunzirirapo ikufanana ndi imene tikufunayo: makoma okhuthala a njerwa zowotchera pafamu pomwepo, ena a zidina, zomangidwa ndi dothi kapena laimu, khonde mbali zitatu, denga la malata, pansi pa matabwa m'zipinda ziwiri ndi simenti yofiira kwina konse. Anatiimika pa khoma la kum'mwera, limene silionana ndi dzuwa nthawi yozizira. Zaka zapitazo wina analipaka pulasitala wa simenti kuchokera pansi kulekeza m'chiuno. Mphunzitsi anagogoda ndi chigwiriro cha hamala ndipo linalira ngati ng'oma. Atasenda chibanthu chimodzi, njerwa za kuseri zinali zofumbutuka, zoti chala n'kulowa, zonunkha chinyontho. Pamwamba penipeni pa mzere wa simentiyo panali mchere woyera ngati ufa.

Chimachitika ndi ichi. Njerwa yakale ndi yofewa, imamwa madzi a m'nthaka n'kuwatulutsa ngati nthunzi kudzera mu laimu. Simenti ndi yolimba ndipo siilola madziwo kutuluka msanga. Akatsekeredwa, amakwera m'khoma kufuna potulukira, ndipo mchere umene anyamula umaumira mkati mwa njerwa n'kuiphwanya. Chinyontho chokwera chokha sichipitirira kwenikweni mita imodzi kuchokera pansi. Mukachiona chafika m'mapewa, dziwani kuti pali chimene chachitsekera kapena madzi akuchokera kumwamba. Ife omanga tizivomereze, ambiri tinazolowera kuti khoma likanyowa mankhwala ake ndi simenti yamphamvu. Pa nyumba ya mabuloko ya m'tauni, ngati za ku Tafara, zimatheka. Pa nyumba iyi ndiye kuipha.

Ntchito iyambire padenga, ndipo ithe mvula ya mu Novembala isanayambe. Kwerani m'siling'i masana muone pamene kuwala kukulowa, ndipo phaso lililonse mulibaye ndi sikuludiraiva, makamaka kumapeto kumene lagona pa khoma. Likalowa mopitirira masentimita awiri, mutuwo wawola. Dulani powolapo, mulumikize thabwa latsopano mbali zonse ziwiri ndi mabawuti, osachotsa phaso lonse. Malata akale ndi okhuthala kuposa ambiri a masiku ano, choncho musawataye chifukwa cha dzimbiri la pamwamba. Palani ndi burashi ya waya, pakani penti woletsa dzimbiri, kenako wa denga. Otaya ndi okhawo obooka polumikizira. Misomali yakale imazuka yokha chifukwa lata limafutukuka masana n'kubwerera usiku. M'malo mwake ikani masikuluwu okhala ndi labala, pamsana pa lata osati m'ngalande yake. Polumikiza, lata ligonere linzake mzere umodzi ndi theka m'mbali, ndi masentimita 20 kapena kuposerapo kumutu ngati denga n'logonera. Malo odontha kwambiri ndi mozungulira chumuni ndi m'chigwa mokumana madenga awiri, mmene masamba a jakaranda amaunjikana. Ngati pachumuni pamera kachere, zulani ndi mizu yomwe, chifukwa ndi amene amang'amba njerwa.

Khitchini ndi mosungira katundu nthawi zambiri zimakhala ndi denga la asibesitosi, zimene sizodabwitsa m'dziko limene linali ndi migodi yake ku Zvishavane ndi ku Mashava. Ngati silinasweke, lisiyeni. Osalidula ndi gilayinda, osalipala louma, osapondapo popanda kuyala thabwa. Fumbi lake limavulaza mapapo patapita zaka zambiri. Lofunika kuchotsa linyowetsedwe, litsitsidwe lathunthu.

Denga likatha, tsikirani pansi. Pa nyumba ija dothi la maluwa linali litakwera mpaka kukwirira timabowo ta mpweya ta pansi pa matabwa. Dothi la kunja liyenera kukhala masentimita 15 kapena kuposa kunsi kwa mzere wotchinga chinyontho, ngati ulipo, kapena kunsi kwa pansi pa nyumba. Kumbani, mutsetserekeze nthaka kuti madzi azithawa khoma, pafupifupi masentimita 5 pa mita iliyonse kwa mamita awiri oyamba. Kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yotalikira mita imodzi kuchokera ku maziko, muikemo mpope wobooledwa ndi miyala yaing'ono, ikatulukire kumunsi. Musakumbe mogundiza maziko kapena kuya kuposa iwo. Maziko a nyumba izi ndi osaya, ena ndi miyala yongoyalidwa m'dothi, ndipo mukawavundukula mbali yonse nthawi imodzi khoma limakhala pansi. Madzi a padenga asagwere pa phazi la khoma. Millimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Dera la Harare limalandira pafupifupi mamillimita 800 pachaka, ndiye denga la masikweya mita 200 limakhetsa malita pafupifupi 160,000. Amenewo akalowe m'thanki, asalowe m'maziko.

Mukatero, sendani simenti yonse imene ikulira mphako, ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono, khoma mulisiye lamaliseche kuti liume. Apa m'pofunika kuleza mtima. Amisiri amawerengera mwezi umodzi pa masentimita awiri ndi theka a kukhuthala kwa khoma, kotero khoma la masentimita 23 lingatenge miyezi isanu ndi inayi. Mchere ukamatuluka usesedwe wouma. Mukautsuka ndi madzi ubwerera m'njerwa.

Za laimu tinathera theka la tsiku, ndipo m'pake. Cholakwa choyamba chimachitikira kusitolo: laimu wa kumunda, wothira m'nthaka ya asidi, ndi mwala wongopera ndipo sagwira ngakhale mutadikira chaka. Wofunika ndi laimu womangira wa m'matumba. Thirani madzi mu mgolo kufika pakati, kenako muzithira laimu pang'onopang'ono mukutakasa mpaka akhale ngati phala lolimba. Pamwamba pakhale madzi okwana zala ziwiri, vundikirani, akhale sabata ziwiri kapena kuposerapo. Akamakhalitsa m'pamene amafewa bwino. Kusakaniza ndi ndowa imodzi ya laimu wonyikayo ku ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wakhakhalakhakhala, wosefa, wopanda dothi. Mchenga wosalala wa padambo umachititsa ming'alu. Madzi musafulumire kuwonjezera. Pondani ndi kutembenuza, matopewo amafewa okha. Laimu amawotcha khungu ndipo m'maso ndi woopsa, ndiye magolovesi, magalasi ndi ndowa ya madzi oyera zikhale pafupi.

M'mizere ya njerwa kolokosani mozama kawiri kuposa kutambalala kwa mzerewo, pafupifupi masentimita awiri, sesani fumbi, nyowetsani, kenako kanikizani matope ndi kachitsulo kopyapyala. Njerwa yofumbutuka kufika theka ichotsedwe, imodziimodzi, mulowetse ina yofewa ngati yomweyo, makamaka yochokera m'chigumula cha pafamu pomwepo. Pulasitala apakidwe kawiri: koyamba sentimita imodzi, mukande mizere akadali wofewa, mudikire sabata, kenako kachiwiri kopyapyala. Laimu salimba ngati simenti. Amalimba pokoka mpweya pang'onopang'ono, ndipo akauma msanga amasanduka fumbi. Mu Okutobala dzuwa lingawononge ntchito ya tsiku lonse pofika masana. Pachikani masaka onyowa kutsogolo kwa khoma, muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Mu Juni ndi Julaye chenjerani ndi chisanu cha m'mbandakucha. Pa khoma la zidina, chigamba chikhale cha dothi lofanana ndi la khomalo losakaniza ndi mchenga, laimu abwere pamwamba. Pomaliza ndi njereza ya laimu yosungunula ngati mkaka, kupaka katatu kapena kanayi mopyapyala, tsiku limodzi pakati. Popaka imaoneka ngati madzi chabe, ndiye anthu amaikhuthalitsa, kenako imakanganuka. Penti wa mafuta kapena wa pulasitiki pa khoma lotere amachita zomwe zija za simenti.

Mng'alu musathamangire kuutseka. Matani kachigamba ka pulasitala mopingasa, lembanipo tsiku, muone nyengo ya mvula ndi ya chilimwe. Chikapanda kusweka, mng'aluwo ndi wakale, utsekeni. Chikasweka, nyumba ikuyenda, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi mpope wodontha pansi, mizu ya bulugamu, kapena dothi lakuda la kudambo limene limatupa ndi mvula n'kung'aluka m'chilimwe. Pamenepo aitanidwe injiniya.

Chiswe chimatsata chinyontho chomwecho. Yang'anani timisewu take ta dothi pa zipilala za pansi pa matabwa, kuseri kwa mafelemu ndi m'makabati a m'khoma. Omanga akale ena ankayala lata lopyapyala m'khoma pamwamba pa maziko, lotulukira kunja pang'ono, kuti chiswe chikafuna kudutsa chionekere. Mukalipeza musalikwirire ndi pulasitala. Timabowo ta mpweya titsegulidwe, tiikidwe sefa, thabwa lililonse lisakhudze dothi, zitsa ndi nkhuni zichoke pafupi ndi nyumba. Mankhwala athiridwe ndi odziwa ntchitoyo, osati pafupi ndi chitsime. Matabwa a pansi ndi a paini wakale wochokera kunja, ovuta kuwapeza lero. Azulidwe mosamala, alembedwe manambala kunsi, abwerere m'malo mwake. Penti wakale wa pa zitseko ndi mazenera angakhale ndi mtovu, choncho apalidwe monyowetsa, ana ali kutali.

Magetsi: waya wakale wokutidwa ndi labala ndi nsalu amayoyoka mukangomukhudza. Onse achotsedwe, aikidwe atsopano ndi mmisiri wa chiphaso, ndi switchi ya 30 mA yozimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira pansi kapena m'thupi la munthu. Mphezi kuno si yoseweretsa, ndodo yoteteza nyumba ku mphezi ikhale pa bajeti.

Wa mipope anabwera ndi machenjezo atatu. Mgolo wotenthetsera madzi ndi nkhuni kuseri kwa bafa, uja amati Rhodesian boiler, wa malita 200, uli ndi mpope woimirira wotulutsira nthunzi. Wina akauona ukudontha amafuna kuutseka kapena kuikapo valavu, mgolowo ungaphulike. Chachiwiri, mafamu akale ali ndi dibi la ng'ombe, ndipo kale m'madibi ankathiramo mankhwala a poizoni a arsenic amene satha m'nthaka. Chitsime ndi dimba zitalikirane nalo, ndipo madzi a chitsime chakale apimidwe ku labotale asanamwedwe. Mjigo watsopano umafuna chilolezo cha ZINWA, bungwe la boma loona za madzi, kudzera ku khonsolo ya madzi ya deralo. Chachitatu, m'dzenje la zonyansa za m'chimbudzi musalowe munthu, mpweya wake umakomola. Pamene tikukonza, timange chimbudzi chokumba cha Blair, chimene wofufuza Peter Morgan anachiyambitsa kuno ku Harare m'zaka za m'ma 1970: mamita 30 kuchokera ku chitsime, kumunsi kwake, mpope wotulutsira mpweya wa mamillimita 110 wopitirira denga ndi theka la mita, sefa pamwamba, mkati mwa mdima, dzenje losavundikira. Mukaboola zenera lalikulu, ntchentche zimasiya kuthamangira kuwala kwa mu mpope n'kutulukira kwa inu.

Za mapepala tinene mosabisa. Minda yambiri imene inatengedwa kuyambira chaka cha 2000 ndi ya boma, ndipo amene akukhalapo si onse ali ndi mphamvu yobwereketsa nyumba. Tisanagule msomali, komiti ione mapepala a mwiniwake, iwatsimikize ku unduna wa za malo ndi ku khonsolo ya boma la deralo, ndipo pangano lilembedwe ndi loya, lonena zaka zimene tidzakhale ndi za ndalama zimene tidzalowetse. Nyumba yomangidwa chaka cha 1910 chisanafike siisinthidwa kapena kugwetsedwa osadziwitsa a National Museums and Monuments of Zimbabwe, bungwe losamala zinthu zakale.

Kukhala kumeneko ndi kukhala ndi mudzi. Akuluakulu athu akaonekere kwa nyakwawa, amene kuno amati sabhuku, asanatsitse katundu, ndipo afunse tsiku la chisi, limene khasu siligwira nthaka. Njira ya kumtsinje kapena ya ng'ombe yodutsa pafamu isatsekedwe ndi waya popanda kukambirana. Mseu wotchinga moto wa m'tchire, wa mamita 9 monga amafunira a EMA, bungwe loona za chilengedwe, ulambulidwe udzu usanaumitse, mogwirizana ndi oyandikana nawo. Ndipo kuseri kwa komboni ya famu ija anationetsa manda a antchito, milu ya miyala ndi mbale zadzimbiri m'kati mwa udzu. M'manda otere mwagona ambiri ochokera ku Nyasaland, ku Zambia ndi ku Mozambique. Pa famu imene tikufunayo tifunse okalamba a m'mudzi atilozere pamene pali manda thalakitala isanalowe.

Tikupempha kuti msonkhano wa mwezi uno uvomereze zinthu zitatu: ndalama za simenti ndi penti zisamutsidwire ku masikuluwu, matabwa a phaso, magatala ndi thanki, anthu awiri a komiti atsate za mapepala, ndipo mapepalawo akalongosoka, migolo inayi ya laimu inyikidwe tsiku lomwelo limene akalipentala akukwera padenga. Mndandanda wa zipangizo ndi miyezo yake tapereka kwa mlembi.

Ife nthumwi zanu zitatu.