Kwa amayi, kuchokera ku Nuwara Eliya, ku Sri Lanka

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achemwali ndi ana onse. Ine ndili bwino, ntchito ya kufakitale ya tiyi ikuyenda, kungoti kumapiri kuno kumazizira kuposa ku Mulanje nthawi ya chiperoni.

Pa foni paja munadandaula kuti mwina m'dziko la Abuda muno satilola kupemphera. Mtima wanu ukhale m'malo, amayi. N'zoona kuti mwa anthu 10 alionse ku Sri Lanka, 7 ndi Abuda, ndipo Akhristufe ndife ochepa. Komabe Khirisimasi ndi Lachisanu Loyera ndi tchuthi cha dziko lonse, ndipo kutchalitchi ndimapita popanda wondiletsa. Asilamu ali ndi masiku awo a Eid. Ahindu nawo ali ndi Deepavali ndi Thai Pongal, chikondwerero chothokoza chifukwa cha zokolola chomwe chimachitika pakati pa Januwale, nthawi imene inu mumakumbukira Chilembwe. Anzanga ambiri othyola tiyi ndi Atamil achihindu, omwe makolo awo anabwera nawo ndi Angelezi kuchokera ku India.

Munafunsanso chifukwa chake ndimakuimbirani masana pakati pa sabata, ngati kuti ntchito inatha. Sinathe ayi. Kuno mwezi ukaoneka wathunthu kumwamba, tsikulo ndi tchuthi, mwezi ndi mwezi. Amati Poya. Mabanki ndi maofesi amatseka, mowa ndi nyama sizigulitsidwa, ndipo anthu amavala zoyera n'kupita kukachisi maluwa ali m'manja.

Poya wamkulu ndi wa mu Meyi, wotchedwa Vesak, pamene amakumbukira kubadwa kwa Buddha, kuunikiridwa kwake ndi imfa yake. Tchuthi chake ndi masiku awiri. Pakhomo lililonse amapachika nyali za nsungwi ndi mapepala, koma chimene chinandikhudza ine ndi chakudya. Anthu a m'dera limodzi amasonkherana ndalama, n'kumanga chisakasa m'mbali mwa msewu, chotchedwa dansala, n'kumadyetsa aliyense wodutsa ulere. Pena mpunga ndi ndiwo, pena chinangwa chophika, pena tiyi kapena zakumwa zozizira. Anyamata amaima pamsewu ndi mbendera kuimitsa magalimoto, kuchita kukupempha kuti utsike udye. Safunsa dzina, safunsa mpingo. Ine munthu wakuda wochokera kutali anandikhazika pansi n'kundiwonjezera mpunga kawiri, nkhope zawo zili zosangalala kuti ndalandira. Musadandaule kuti mwina ndinadya za nsembe. Chakudyacho amaphikira anthu apaulendo, ndipo ndisanadye ndinapemphera monga munatiphunzitsira. Ndinakumbukira inu, amayi, momwe simulolera mlendo kuchoka pakhomo ndi njala ngakhale ufa utatsala wa pansi pa thumba.

Mu Juni kumabwera Poson, pokumbukira Mahinda amene anabweretsa Chibuda pachilumbachi, ndipo anthu miyandamiyanda amakwera phiri la Mihintale. Ufulu wawo amakondwerera pa 4 Febuluwale, poti Angelezi anawapatsa dziko mu 1948, zaka 16 ife tisanalandire lathu.

Tsopano za ndalama. Pa 13 ndi 14 Epulo ndi Chaka Chatsopano cha Asinhala, mtundu waukulu wa kuno, ndi Atamil, ndipo anthu ambiri amapita kwawo sabata yathunthu. Masitolo amatseka, mabasi amadzaza. Pali maola ena amene salola kugwira ntchito kapena kusonkha moto, mpaka nthawi yoikika ikakwana onse amayatsa moto pamodzi n'kuphika mpunga wa mkaka wa kokonati. Choncho ya fizi ya ana ndi ya aganyu okolola chimanga nditumiza kumayambiriro kwa Epulo, tchuthi chisanayambe. Achemwali akalandira andiuze pa WhatsApp, koma asaiwale kuti kuno tili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, asamaimbe usiku kwambiri.

Mupereke moni kwa amalume ndi onse a kumpingo. Mankhwala anu a BP musadumphitse.

Ndine mwana wanu wokukondani.