Amene Tinawabatiza Chaka Chatha Ali Kuti?

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi Akhristu nonse a m'milaga yathu kuno ku Kasungu, chisomo ndi mtendere zikhale nanu.

Utatha Mgonero wapitawu ndinatsala ndekha ndi kaundula, n'kumawerenga mayina a amene tinawabatiza chaka chatha atamaliza kalasi. Ambiri sanafike pa gome la Ambuye. Nditafunsa akulu, anati wina ali ku esiteti, wina anakwatiwa kutsidya kwa Bua, koma za enawo panalibe wodziwa. Mtima unandiwawa, pakuti ana amenewa ndinawabatiza ndi dzanja langali.

Lachitatu ndinapalasa njinga kukaona mmodzi mwa iwo, mnyamata wa banja la matenanti. Ndinamupeza m'chigafa akusankha fodya, zala zili bii ndi utomoni. Baibulo lake analikulunga m'jumbo n'kulipachika kudenga poopa chiswe. Chikhulupiriro sanataye ayi. Anangoti, "Abusa, ku kalasi ankatiuza poti tiwerenge. Pano ndikatsegula sindidziwa poyambira, ndipo palibe anabwerapo kudzandifunsa." Ndinasowa chonena, chifukwa ngakhale ineyo kanali koyamba kuponda pakhomo pake.

Abale anga, ife alimi a fodya tikudziwa kuti ntchito sithera pa nazale. Mbande ukaiwokera m'munda imafuna kupalira, feteleza, kubandira, kudula nsonga, ndipo woisiya yokha sadzaona belo ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Kalasi ndi nazale chabe. Pa Mateyu 28:19 Ambuye Yesu anatituma kubatiza, koma vesi 20 ikupitiriza kuti tiwaphunzitse kusunga zonse zimene anatilamulira. Kusunga kumaphunzirika poona wina akusunga: mmene amapempherera mwana akadwala, mmene amalankhulira fodya akagulidwa motchipa, mmene amakhululukira mnzake wolima naye malire. Ulaliki wa Lasabata wokha sungakwanitse zimenezi, ngakhale mlaliki atakhala waluso chotani.

Makolo athu ankazidziwa. Kuyambira pamene ntchito ya mishoni inayamba ku Mvera mu 1889, Uthenga unafalikira ndi aphunzitsi a m'midzi oyenda pansi, ndipo Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, wodziwa kuwerenga ankawerengera osadziwa. Ndi momwenso Priskila ndi Akula anachitira ndi Apolo pa Machitidwe 18:26. Anamutenga pambali n'kumufotokozera bwino njira ya Mulungu.

Ndikupempha tsono kuti Mkhristu aliyense watsopano akhale ndi wamkulu mmodzi woyenda naye, mnyamata ndi bambo, mtsikana ndi mayi wa Chigwirizano. Muzikumana kamodzi pa sabata, kaya pakhonde, kaya m'chigafa momwemo manja akugwira ntchito. Yambani ndi Uthenga wa Marko. Uli ndi mitu 16 yokha, ndipo mukamawerenga mutu umodzi pa sabata mudzaumaliza m'miyezi inayi. Mukawerenga mufunsane zimene mwamva, kenaka wamng'onoyo apemphere mokweza, ngakhale mawu ake akhale awiri okha. Inu amene simudziwa kuwerenga musadzichotse. Mwanayo akuwerengereni, inu mumutanthauzire ndi zimene mwaona pa moyo wanu, ndipo ndikhulupirira kuti ena mwa aphunzitsi abwino koposa adzachokera mwa inu.

Makolo, pemphero la madzulo libwerere m'nyumba zathu. Mukatha kudya nsima, mafoni ayambe akhala pansi, muyimbe nyimbo imodzi, muwerenge Mlozo, kabuku kotsogolera kuwerenga Baibulo tsiku ndi tsiku, mupemphere. Msika wa fodya ukutsegulidwa, ndipo tikudziwa kumene ndalama zimakokera anyamata athu zikangolowa m'thumba. Tiwafikire zisanawafikire.

Akulu a milaga, tikumane Loweruka m'mawa ku tchalitchi, aliyense atatenga mayina a Akhristu atsopano a m'dera lake, pamodzi ndi a ku maesiteti. Mnyamata wa m'chigafa uja ndamutenga ine, ndipo Lachitatu likudzali tiyamba Marko mutu 1.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.