Kalata kwa mwana wanga ku Leeds

Mwana wanga,

Ndalama ija ndalandira, ndagula feteleza matumba awiri, zikomo. Koma chimene chandikhazika pansi usiku uno ndi china. Azakhali ako akuti pa foni paja unawauza kuti ukuona labwino lamulo lija phungu Kim Leadbeater anabweretsa ku nyumba ya malamulo kumeneko, loti wodwala amene madokotala awiri aona kuti satha miyezi 6 apatsidwe mankhwala omwa yekha n'kufa. Akuti unanenanso kuti iwe ukadzakalamba sudzafuna kuvutitsa munthu. Mawu amenewa andisowetsa tulo. Kuvutitsa munthu? Unawaphunzira kuti?

Sindikunena kuti ndiwe wouma mtima. Ndikudziwa zimene maso ako amaona kuntchito kwakoko, kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba zimene ana awo sabwera kudzaziona ngakhale pa Khirisimasi. Chifundo ndi chimene chakulankhulitsa. Koma tamvera.

Amalume ako mu 2004 unawaona ndi maso ako, mafupa okhaokha pa mphasa. Kuchipatala anatiuza kuti tibwerere nawo kumudzi, ndipo anyamata anali atayamba kale kuwunjika nkhuni kuseri kwa nkhokwe. Chaka chomwecho ma ARV anayamba kuperekedwa ulere. Lero si awa akulima dimba, ndipo ndiwo anakuperekeza ku bwalo la ndege? Akanafunsidwa nthawi ija, akanasayina pepala lililonse. Dokotala ndi munthu, amayerekeza masiku, sawadziwa.

Za bambo ako ndiye sindinakuuze zonse, unali pa mayeso. Khansa ija itafika m'mafupa ankalira usiku wonse, n'kumandigwira dzanja kuti ndiwathandize apite. Ndinkatuluka panja kukalirira ku mtengo wa mango kuti asandione. Kenaka anamwino anatibweretsera mofini wamadzi uja wa m'botolo. Anagona tulo koyamba, m'mawa anapempha thobwa. Anakhala masabata atatu, ndipo m'masabata amenewo ndi m'mene anaitana mng'ono wawo amene sankayankhulana naye zaka zambiri, n'kulongosolanso za malire a munda. Chimene ankafuna kuti chichoke ndi ululu, mwana wanga. Ululu utachoka za kufa sanazitchulenso.

Mlongo wako wandiwerengera pa foni kuti mu June 2025 aphungu 314 anavomera, 291 anakana. Ngakhale eni dzikowo agawanika pakati, ndiye iwe ukuthamangira chiyani? Wandiwerengeranso kuti ku Canada anayamba mu 2016 ndi anthu amene imfa yawayandikira, koma pofika 2021 anatsegulira ngakhale amene sali pafupi kufa.

Mantha anga ndi awa. Nkhalamba sidikira kuuzidwa kuti yakhala mtolo, imawerenga nkhope. Ikaona mwana akuusa moyo posintha zofunda, ikamva akunong'onezana za ndalama ya fizi imene yathera ku mankhwala, idzanena yokha kuti ndatopa, ndipatseni mankhwalawo. Inu mudzati yasankha. Ine ndikuti yachita manyazi. Ineyo pano shuga akandivuta ndimabisa kuti ndisakudetse nkhawa, nanga pakanakhala pepala lotero patebulo?

Uyende bwino ndi nkhani imeneyi kuntchito. Agogo wina akakuuza kuti akufuna kufa, usafulumire kuvomera ndi mutu. Khala pansi, funsa pamene pakuwawa, kaitane woona za mankhwala, uwagwire dzanja monga unkachitira ndi agogo ako. Ndipo mawu aja oti sudzavutitsa munthu usawanenenso pamaso pa ana ako, akumva. Iwe unandivutitsa miyezi iwiri ndi chikuku, ndinagona nawe pansi kuchipatala, ndipo sindinawerengepo kuti ndi vuto.

Tsiku langa likadzayandikira usadzangotumiza ndalama. Udzabwere, udzandisambitse wekha, ngakhale ndidzakhale ndikukuuza kuti usavutike. Udzakane.

Undiyimbire Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ndikufuna ndimve mawu ako pa nkhaniyi. Uwapatse moni adzukulu anga ndi bambo awo.

Ndine mayi ako.