Kalata kwa mpingo: Ana athu akafunsa, tiwayankhe

Okondedwa mwa Ambuye, akulu ampingo, amayi a Mvano, achinyamata ndi inu nonse,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu.

Ndikulemba mtima uli wolemera. Mwezi wathawu, pa mapemphero a kudera, mnyamata wathu wina amene amaphunzira ku Chanco anafunsa kuti: kodi Chikhristu si chipembedzo cha azungu chimene anabweretsa kuti atilamulire? Anafunsa mwaulemu, atavula chipewa. Yankho limene analandira linali lakuti sukulu yamupengetsa, ndipo mayi wina anati tim'pempherere chifukwa wagwidwa ziwanda. Kuyambira tsiku limenelo mpando wake uli wopanda munthu. Ndinapita kukam'yendera ku Chikanda, ndipo anandiuza kuti sanakwiye, koma wangoona kuti kutchalitchi mafunso ndi mlandu.

Abale anga, apa tinalakwa. Malembo amati: "Okonzeka nthawi zonse kuchita chodzikanira pa yense wakukufunsani chifukwa cha chiyembekezo chili mwa inu, komatu ndi chifatso ndi mantha" (1 Petro 3:15). Ifeyo chifatso tinachisiya kuti? Timakalipa chifukwa yankho tilibe, ndiye manyazi athu timawaphimba ndi mawu okweza.

Komatu yankho linalipo. Mdindo wa ku Itiyopiya anabatizidwa ndi Filipo pa Machitidwe 8, Uthenga usanaolokere n'komwe ku Makedoniya, dziko la ku Ulaya, pa Machitidwe 16. John Chilembwe, amene anaukira atsamunda mu 1915 ku Chiradzulu, anali mbusa, ndipo mphamvu zake anazitenga m'Baibulo lomweli. Inde, ena mwa amene anabweretsa Uthenga anadya limodzi ndi boma la atsamunda, lomwe likulu lake linali konkuno ku Zomba. Zimenezo tisabise, mwana wophunzira amazidziwa kale. Tikabisa, adzatiyesa abodza pa zina zonse.

Ana a masiku ano amagona ndi foni kumutu. Pa TikTok ndi pa Facebook amamva aliyense, wokana Mulungu, mneneri wogulitsa mafuta, shehe wodziwa mavesi athu kuposa ife. Kuwalanda mafoni sikuthandiza. Ndipo popeza ndatchula za mafoni, ndaona mauthenga onyoza Asilamu amene ena mwa inu mukutumizirana pa gulu lathu la WhatsApp. Lekani lero lomwe. Anthu amenewo timagula nawo pa msika wa Chinamwali ndi ku Songani, maliro akatigwera amabwera kudzakhala nafe pa siwa, ena ndi amalume athu enieni. Munthu amene mwam'tukwana Lachisanu mudzam'lalikira bwanji Lamulungu? "Mayankhidwe ofatsa abweza mkwiyo" (Miyambo 15:1).

Tsono kuyambira Loweruka likudzali, 2 koloko masana, tizikumana m'kalasi ya Sande Sukulu. Achinyamata abwere ndi mafunso awo onse, ngakhale olemba pa kapepala popanda dzina. Akulu ampingo nonse mukhalepo, ndipo ola loyamba simudzayankhula, mudzangomvetsera. Funso likatikanika tidzanena poyera kuti latikanika, n'kukafufuza.

Tikufunanso Mabaibulo 30, poti ambiri a m'kalasimo masamba ake anathothoka. Banja lililonse lipereke K3,000 kwa msungichuma mwezi uno usanathe. Amene ali ndi mabenchi a mpingo kunyumba kuchokera pa ukwati uja awabweze Lachisanu.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu