Musanagule puloti ku Senga Bay, funsani pamene nyanja inafika

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga a m'tauni amene mitima ili dyokodyoko kufuna malo m'mbali mwa nyanja. Masiku ano sipatha sabata osaona chithunzi pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp: mchenga woyera, mgwalangwa umodzi, madzi ali bata kumbuyo kwake, ndipo pansi alemba kuti puloti ikugulitsidwa, mapepala onse alipo, fulumirani. Ine ndimakhala ku Senga Bay, m'dera la mfumu yaikulu Maganga ku Salima. Ena mwa malo a pazithunziwo ndimawadziwa ndi mapazi angawa, ndipo ena ndinawaona ali pansi pa madzi mu 2024.

Sindine mbadwa ya kuno. Ndinagwira ntchito ku Lilongwe mpaka imvi, ndipo nditapuma mu 2017 ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana kuti tikakalambire kunyanja. Senga Bay inatikopa chifukwa ndi mudzi koma si kutchire. Msewu ndi wa phula kuchokera pa Salima boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, magetsi alipo, nsomba zili pakhomo, ndipo ana akafuna kudzationa amanyamuka ku Lilongwe m'mawa n'kudzadya nafe nsima ya masana.

Amene akukumbukira 2017 adziwa kuti nyanja inali itaphwa kwambiri. Ndi nthawi ija magetsi ankangozimazima chifukwa madzi mu Shire anachepa. Gombe linali lalikulu ngati bwalo la mpira, ndipo dobadoba amene ananditenga kukaona malo anandiimika pa mchenga woumawo n'kunena kuti apa ndiye pabwino, khonde lanu lizidzayang'ana madzi. Mtima unagwa pomwepo. Ndinali nditapereka kale kangachepe kogwirira malowo pamene tsiku lina ndinabwerera ndekha kudzayenda ndi tepi. Pansi pa mkuyu panali bambo wina wachikulire akusoka khoka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiitana.

"Bambo, mukufuna kumanga pamenepo?"

Ndinavomera.

"Pamene mwaimapo ine ndinkakochezapo bwato chaka cha 1980. Tiyeni ndikakuonetseni."

Anasiya khoka lake, tinayenda kulowera kumtunda, kudutsa mchenga, kudutsa tchire la bango louma, mpaka pa kachulu pamene dothi limayamba kuda. Anagogoda pansi ndi ndodo yake, n'kuti mafunde ankaswera apa. Anandiuza kuti madzi saiwala khwawa, ndipo anabwerera ku khoka lake osandipempha kanthu. Ndalama yogwirira malo ija sinabwerenso, dobadoba uja anasiya kuyankha foni, koma ndimathokoza Mulungu kuti ndinataya imeneyo osati penshoni yonse. Tinagula kumtunda, pamene nyanja timaionera pakati pa mitengo.

Zimene mkulu uja anandiuza ndi ndodo ndinadzazipeza m'mabuku a boma. Mu 1980 nyanja ya Malawi inakwera kudutsa pang'ono mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere, ndipo mulingo wa 477 womwewo ndi umene bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority limati munthu asamange kunsi kwake. Nyanjayi siikhala pamodzi. Kale inaphwa mpaka inasiya kuthira madzi mu Shire kwa zaka pafupifupi 20, kuyambira cha m'ma 1915. Imatha kubwerera m'mbuyo kwa m'badwo wathunthu, anthu n'kuiwala, n'kuyamba kuyesa mchenga umene yasiya kuti ndi nthaka ya makolo. Mu 2024, patangotha chaka chichitikireni namondwe Freddy, inadutsa mamita 476, ndipo ngakhale sinafike pa 1980, malo ogona alendo ndi nyumba zambiri ku Mangochi, ku Nkhotakota ndi kuno ku Salima zinalowa madzi.

Nthawi imeneyo ambiri analoza chala ku Liwonde, kuti zitseko za Kamuzu Barrage zitsekulidwe madzi apite. Ndimamvetsa ululu wa munthu amene akuona nyumba yake ikumira. Koma madzi otuluka pa Liwonde sasowa popita. Amadutsa pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira pamene timapangira magetsi, kenako amakafika ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumene anthu ali kale ndi zipsera za kusefukira. Sitingapulumutse khonde la munthu mmodzi ku Senga Bay pomiza minda ya anthu ku Chigwa cha Shire.

Za mapepala nazo ndinenepo, chifukwa mawu akuti "mapepala onse alipo" apweteketsa ambiri. Malo ochuluka kuno ndi a makolo. Kalata yolembedwa pa pepala la kope, yokhala ndi chidindo cha nyakwawa ndi mboni ziwiri, si lizi. Komanso kuno malo amayenda ndi mbumba. Mnyamata amene akukuonetsani malire akhoza kukhaladi wa pabanjapo, koma mundawo ndi wa amayi ake ndi alongo ake, ndipo mwini mbumba sakudziwa kanthu. Mnyamatayo akagula njinga yamoto ndalama n'kutha, inu mumatsala ndi mlandu wa kwa gulupu, mwina mpaka kukhoti. Ndaona anthu awiri, aliyense ali ndi kalata yake m'manja, akuloza puloti imodzi. Malamulo a za malo a 2016 anakhazikitsa makomiti a malo a m'midzi, amene wapampando wake ndi gulupu ndipo ena mwa mamembala ake ayenera kukhala amayi. Mu 2022 malamulowo anawakonzanso n'kukhwimitsa za kugulitsa malo, makamaka kwa anthu amene si nzika za dziko lino. Choncho musanapereke tambala, khalani pansi ndi banja lonse, amayi alankhule ndi pakamwa pawo, ndipo pitani nokha ku ofesi ya za malo ya pa khonsolo mukafunse za malowo. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku Mangalande amene mumatumiza ndalama mutangoona kanema wa pafoni, inu ndi amene madobadoba amakukondani koposa.

Moyo wa kuno ndi wokoma, sindibisa. Utaka wa m'mawa uno sufanana ndi wa pa msika wa m'tauni. Usiku nyali za asodzi a chilimira zimandandalika panyanja ngati mzinda wina, ndipo m'bandakucha padoko pamadzaza amayi ndi mabeseni. Koma amene amabwera Loweruka n'kubwerera Lamulungu saona zonse. Mu Okotobala ndi Novembala kumatentha moti malata amalira. Nthawi ya mwera mphepo imalowetsa mchenga mpaka m'mbale. Udzudzu sugona, likodzo lili m'madzi a m'mabango, ndipo wodwala usiku ayenera kupeza galimoto yopita kuboma. Chimene ambiri saganizira ndi chimbudzi. Kufupi ndi gombe ukakumba pang'ono wapeza madzi, ndiye dzenje la chimbudzi ndi chitsime zimamwerana pansi pa mchenga. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Womanga aliyense amene akuwonjezera zimbudzi pa mchenga umenewu akukhudza madzi amene mwana wa mnansi wake amamwa.

Koma nkhani imene yandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi ya mipanda.

Munthu akagula puloti, chinthu choyamba kumanga ndi mpanda wa njerwa, nyumba isanayambe n'komwe. Mnzake wa pambali naye amalumikiza wake pomwepo. Pakutha pa zaka zochepa pamakhala khoma limodzi lalitali pakati pa mudzi ndi nyanja. Kwa ife obwera nyanja ndi yoyang'ana madzulo tili pampando. Kwa eni mudzi ndi munda, ndi chitsime, ndi pochapira, ndi posambitsira ana, ndi pomwetsera ziweto. Msodzi amafuna njira yotsikira ndi nkhafi zake. Mayi woyanika usipa amafuna malo a thandala lake. Tikatseka tinjira timeneti, mayi amene ankafika kunyanja madzi a phala asanawire amazungulira mtunda wautali ndi ndowa pamutu, akudutsa mageti okhoma a nyumba zimene eni ake amagonamo kawiri pa chaka.

Sindikunena za ena okha. Inenso ndinatsala pang'ono kuchita zomwezo. M'mbali mwa puloti yathu munkadutsa kanjira kochokera m'mudzi kupita kudoko, ndipo malinga ndi zikhomo zimene anatikhomera, kanjirako kanali mkati mwa malo athu. Mmisiri anakoka chingwe chake mowongoka n'kukumba maziko modula kanjirako. Ine ndinaona kuti palibe cholakwa, poti ndinalipira. M'mawa mwake anabwera mayi wina wa kuseri kwathu, mwana kumsana, beseni la mbale pamutu. Anaima pa ngalande ya maziko ija, n'kutula beseni, n'kugwada.

"Bambo, pepani. Tsopano ife tizidzera kuti?"

Sanakalipe, sanatchule za mfumu. Anangofunsa, n'kudikira yankho. Ndinalibe choyankha. Mayi a kunyumba ndi amene anatuluka n'kuuza mmisiri kuti abweze chingwe mkati. Tinasiya mpata woti anthu awiri osenza katundu apatukirane, ndipo mpaka lero phazi silitha pa kanjira kameneko kuyambira tambala woyamba. Nthawi zina phokoso limatidzutsa, inde. Koma ndi anthu omwewo amene amatipatsa moni, amene amatiuza pakagwa maliro kuti tikakhale nawo pasiwa, amene anatiphunzitsa kuti kuno Lachisanu masana suitana waganyu chifukwa ambiri ali ku mzikiti.

Madzi atabwera mu 2024 sanabwere tsiku limodzi. Ankakwera pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, ndipo mwera utayamba mafunde anamaliza ntchito. Ndinaona mipanda ya njerwa ikukumbidwa kunsi, n'kupendekeka, n'kugwa chagada ndi geti lomwe. Eni nyumba zikuluzikulu anali kutali. Amene anatsala ndi madziwo ndi alonda ndi mabanja awo, akudzaza mchenga m'matumba a feteleza usana ndi usiku. Anthu a m'mudzi amene nyumba zawo za zidina zinali kunsi anasamutsira katundu kumtunda kudzera pa kanjira kaja: mphasa, mapoto, makoka, nkhuku zomanga miyendo. Mabanja awiri anagona pakhonde pathu mpaka anapeza pokhala. Tsiku lina ndinapalasa ndi mnyamata wina kukaona malo aja ndinafuna kugula poyamba. Tinadutsa pamwamba pake ndi bwato. Mkuyu uja unali m'madzi mpaka m'chiuno.

Anthu a kuno si achilendo pa nkhani yosunga malamulo a nyanja. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu Makanjira m'boma lomwe lino, usodzi amautseka miyezi ya dzinja chaka ndi chaka, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo. Ngati mafumu atha kutseka chilumba chathunthu kuti nsomba ziswane, angalepherenji kunena kuti njira iyi ndi iyi yopita kunyanja siigulitsidwa, ngakhale wogula abwere ndi ndalama zochuluka bwanji? Ndikupempha mafumu athu ndi khonsolo ya Salima kuti ayende limodzi m'gombe lonse, alembe tinjira timene tatsala, ndipo pulani ya mpanda wotseka njira isamavomerezedwe. Ndikupemphanso a zamadzi kuti mulingo wa 477 uja usamangokhala m'mabuku ndi pa wailesi. Munthu wamba sadziwa kuti mamita 477 ali pati. Azike zipilala za simenti zopaka utoto m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuti wogula, wogulitsa, mfumu ndi mmisiri onse aziona ndi maso. Akuluakulu amene anaona madzi a 1980 akutha. Mkulu wa khoka uja tinamuika m'manda chaka chatha.

Sabata yathayi lole inatsitsa njerwa ndi miyala pa puloti ina kunsi kwathu, pamalo pamene ndinaona ana akuwedza mu 2024. Ndinapita kukacheza ndi kapitawo wake. Anandiuza kuti iye akudziwa bwino za madziwo, poti ndi wa konkuno, koma wauzidwa kuti amange, ndipo naye ali ndi ana ofuna fizi. Mwini malo ali ku South Africa, sanapondepo, amangolandira zithunzi. Achimwene, ngati nyuzipepala ino imakupezani kumene muliko, imitsani kaye simentiyo. Bwerani pa tchuthi cha Khirisimasi, mufunse nyumba ya pa kanjira ka kudoko, ndidzakutengani tikaone kachulu kaja.

Wowerenga wanu,
Senga Bay, Salima