Nyumba imachenjeza isanapse ndi magetsi

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi eni nyumba komanso anthu ochita lendi kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo kudzera m'nyuzipepala yanuyi. Ife ntchito yathu ndi yoika ndi kukonza mawaya a magetsi, ndipo chatilembetsa kalatayi n'chakuti nyumba zambiri za kuno zikusenza katundu woposa mphamvu ya mawaya ake. Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma moto wa magetsi ndiye umayimba ndithu. Umachenjeza kwa miyezi, mwinanso zaka, kungoti apanyumba sazindikira zomwe akuona ndi kumva.

Nyumba zakale za pa Chitakale, Luchenza, Bvumbwe, Limbuli ndi za m'maesiteti a tiyi zidaikidwa mawaya banja lili ndi mababu anayi kapena asanu, wailesi ndi ayironi basi. Lero m'nyumba yomweyo muli firiji, ketulo, hotipuleti, TV, kwina giza, kwina firiji yachiwiri ya malonda. Mawaya ndi akale omwe aja. Masamu ake ndi osavuta. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a 230 volts, ndipo pulagi ya mano atatu siyenera kupitirira ma amps 13 (amps ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi odutsa m'waya), omwe ndi ma watts pafupifupi 3,000. Ketulo ya ma watts 2,000 imakoka ma amps pafupifupi 9. Hotipuleti ya mbale ziwiri imakokanso chimodzimodzi, ayironi imawonjezera 5 kapena kuposerapo. Zitatuzi zikakumana pa ekisitenshoni imodzi m'mawa ana akukonzekera kusukulu, mwadutsa ma amps 20 pa kachingwe komwe nthawi zambiri n'kopyapyala, koyenera ma amps 6 okha. Kutentha kwa waya sikukwera pang'onopang'ono ayi: magetsi odutsamo akachuluka kawiri, kutenthako kumachuluka kanayi.

Chenjezo lomwe anthu amalinyoza kwambiri ndi breaker, kaswitchi ka m'bokosi la magetsi kodzithimitsa kokha pakakhala vuto, yomwe ikungogwa. Muziona nthawi yomwe yagwa, chifukwa mmisiri adzakufunsani. Ikagwa patapita mphindi zingapo mutayatsa zinthu zambiri, ndiye kuti laini imeneyo yalemedwa. Ikagwa pomwepo mukangoikweza, nthawi zina ndi kaphokoso koti phu, penapake pali shoti. Ikamagwa pa nthawi ya mvula kapena masiku a chiperoni, chinyezi chalowa m'soketi, m'nyali ya panja kapena m'paipi ya mawaya. Pa zonsezi breaker siyolakwa, ikugwira ntchito yake.

Apa ndi pomwe nyumba zambiri zimaphedwera. Munthu akatopa ndi kudzuka kukakweza breaker, amaitana mnyamata wodziwako pang'ono, amachotsa ya ma amps 20 n'kuikapo ya 32 kapena 40. Magetsi amasiya kuthima, aliyense n'kuyamikira. Kumene kukadali bokosi la mafyuzi, ena amamangirira waya wokhuthala wa kopa, ena msomali, ena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Chonde mvetsani: breaker ndi fyuzi zimateteza waya wa m'khoma, osati ketulo yanu. Kukula kwake kumatengera kukula kwa waya. Waya wa 1.5 mm² ndi wa mababu, ndipo breaker yake ndi ya ma amps 6 kapena 10. Wa 2.5 ndi wa masoketi, ndipo ukangochoka pa bokosi n'kukathera pa soketi yomaliza osabwerera, breaker yake isapitirire 20. Kuka yaikulu ya mbale zinayi ndi uvuni imafuna laini yakeyake ya waya wa 6, breaker ya 32 ndi switchi yake pakhoma. Giza nayo imafuna laini yake. Mukaika breaker ya 40 pa waya wa 2.5, wayayo adzayamba kufewetsa chikutiro chake m'siling'i breaker ili phee, ndipo pofika poti yagwa moto wagwira kale matabwa a denga.

Palinso moto womwe breaker siingauone, ngakhale ikhale yoyenera. Umenewu umachokera pa malo pomwe waya wakhwepa. Sikuluwu ya kuseri kwa soketi ikapanda kumangitsidwa bwino, magetsi amadutsa pa kamalo kakang'ono, pamatentha, kopa amada, kudako kumawonjezera kutentha, ndipo zimangopitirira choncho. Magetsi odutsa sanachuluke, n'chifukwa chake breaker siigwa. Chomwe chingakuuzeni ndi dzanja, mphuno ndi khutu. Ketulo ikatha kuwira, zulani pulagi n'kuikhudza. Kufunda pang'ono si vuto, koma ikatentha moti simungaigwire, kapena mano ake ada, imani pomwepo. Soketi yomwe yasintha mtundu pakabowo kamodzi, yomwe ikununkha pulasitiki wopsa kapena fungo longa la nsomba yovunda, yomwe ikulira tsiii kapena kuthetheka mukagwedeza pulagi, yatha ntchito. Thimitsani breaker ya laini imeneyo, ndipo posintha soketi mmisiri adulenso nsonga ya waya yomwe idapsa. Kumangirira soketi yatsopano pa waya wopsa n'kutaya ndalama. Pulagi ikamalowa mokhwepa, tizitsulo ta m'kati tatha mphamvu. Za kulowetsa mawaya awiri opanda pulagi m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, zomwe n'zofala m'magolosale ndi m'malo otchajitsira mafoni, zisiyeni lero lomwe.

Mababu nawo amalankhula. Kuphethira kamodzi firiji ikamayamba kulira si nkhani. Koma akamachepa kuwala nthawi yonse yomwe ketulo kapena hotipuleti ili pamoto, waya ndi wochepa kapena pali pomwe pakhwepa. Funsani aneba kaye. Ngati nawonso akuona zomwezo, vuto lili pa laini ya kunja, ndipo oyenera kuuzidwa ndi a ESCOM. Choopsa kwambiri ndi pomwe mababu akuwala mopitirira muyezo n'kumapsa motsatizana, matchaja n'kumaphulika. Kawirikawiri apo waya wa neutral, womwe magetsi amabwererapo, wakhwepa kapena waduka penapake, ndipo mphamvu yolowa m'nyumba ikhoza kukwera kudutsa 230. Thimitsani main switch, zulani zonse, kanenani. Mita ndi waya wochokera pa polo si zanu ndipo si zathu, musalole aliyense kuzitsegula kupatula a ESCOM.

Tifike pa nyesi. Pali mabanja omwe adazolowera kuti firiji yawo imatsina, moti amaitsegula atavala masilipasi kapena ndi nsalu. Ena mpopi wa m'bafa umanyerenyesa m'manja. Ena waya woyanikira zovala, womangiriridwa ku malata, umagwedeza mkono pa tsiku la mvula. Zimenezi si zozolowera. Zikutanthauza zinthu ziwiri nthawi imodzi: magetsi akutayikira pa chitsulo, ndipo earth ya nyumbayo, yomwe imayenera kutsitsira magetsi otayikawo m'nthaka, siikugwira ntchito. Pitani panja pafupi ndi mita mukayang'ane chitsulo chokutidwa ndi kopa chomwe chidakhomeredwa pansi, chotalika mita imodzi ndi kachidutswa kapena kuposerapo, chokhala ndi waya wobiriwira kapena wobiriwira ndi chikasu. Kuno kwathu mvula ndi yambiri, choncho pomangira pake pamachita dzimbiri msanga. Kwina wayayo adadulidwa ndi khasu polambula, kwina adapita ndi ogula zitsulo zakale. Kwinanso chitsulocho chilipo bwinobwino koma mukatsegula soketi mupeza mawaya awiri okha, chifukwa womanga nyumba adafuna kupulumutsa ndalama ya waya wachitatu.

Earth yokha sikwanira. Magetsi ochepa kwambiri, osafika ndi gawo limodzi la magawo khumi a amp imodzi, akadutsa pachifuwa akhoza kuimitsa mtima, pomwe breaker ya ma amps 20 siingagwedezeke n'komwe. Chomwe chimapulumutsa munthu ndi kachipangizo kotchedwa earth leakage, ena amati RCD, kolembedwa 30 mA. Kamayerekezera magetsi otuluka ndi obwerera, ndipo kakaona kuti ena asochera kamadula m'kanthawi kosakwana sekondi. Tsegulani chivindikiro cha kunja cha bokosi lanu la ma breaker muone ngati muli chokhala ndi batani lolembedwa T kapena TEST. Ngati mulibe, nyumba yanu ikufunika kukonzedwa ngakhale zina zonse zikuoneka bwino. Ngati chilimo, dinani batanilo miyezi itatu iliyonse. Magetsi azithima pomwepo, akapanda kutero chafa. Ndipo chikamagwagwa musalole wina kuchilambalala ndi waya. Zulani zipangizo zonse, chikwezeni, kenaka bwezerani chimodzichimodzi. Nthawi zambiri wolakwa amapezeka kuti ndi elementi ya ketulo, ya giza kapena mbale ya kuka yomwe idang'aluka.

Nkhani ya chinyezi ndi yaikulu kuno kuposa madera ambiri. Makoma a nyumba za m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi m'mapiri a Thyolo amakhala onyowa miyezi yambiri, ndipo denga likadontha madzi amatsata paipi ya mawaya mpaka m'switchi. Nyumba zomwe zidalowa madzi ndi matope pa namondwe wa Freddy mu March 2023 n'zofunika kuziganizira mwapadera. Zambiri zidangotsukidwa, kuuma, magetsi n'kuyatsidwanso. Matope otsalira m'soketi ndi m'mapaipi amakoka chinyezi nyengo iliyonse ya mvula ndipo amadya zitsulo mwakachetechete. Soketi, switchi kapena breaker yomwe idamira ndi yotaya. Mawaya ake ayezedwe ndi makina omwe timawatcha megger, oyeza ngati chikutiro chikutchingabe magetsi. Akayeza pa 500 volts n'kupeza zosafika megohm imodzi, womwe ndi muyezo wa kutchinga kwa chikutirocho, laini imeneyo isagwiritsidwenso ntchito mpaka vuto litapezeka.

M'siling'i ndimo mumabisala zambiri. Makoswe amatafuna chikutiro. Mawaya akale kwambiri okutidwa ndi labala amauma, moti kungowapinda chikutiro chimayoyoka. Mumapezekanso mfundo zopotokola ndi manja n'kukulunga ndi tepi kapena jumbo, zili gone pa thabwa louma. Mfundo iliyonse imayenera kukhala m'kabokosi kotsekedwa, yomangidwa ndi sikuluwu. Musakwereko nokha magetsi ali oyaka.

Pogula waya samalani. Pamsika pali wina wooneka ngati kopa koma m'kati ndi aluminiyamu wongopakidwa pamwamba. Palani nsonga ndi mpeni: mukaona zoyera pansi pa kufiirako, musiyeni. Amapepuka, amathyoka mukamupinda kangapo, amatentha msanga ndipo amakhwepa pa sikuluwu. Mtengo ukatsika modabwitsa, chifukwa chake chimakhala chimenecho.

Ziwiri zina mwachidule. Kukokera magetsi ku nyumba ya kuseri, ku khola la nkhuku kapena ku kagolosale ndi chingwe cha ekisitenshoni chokwirira m'dothi kapena chodutsa pa mpanda n'kuika msampha kwa ana. Pamafunika waya wokhala ndi chitsulo chotchinga, wokwiriridwa mozama, ndi breaker yake. Ndipo jenereta kapena inveta isalowe m'nyumba kudzera pa soketi. Pamafunika changeover switch, yomwe imadula laini ya ESCOM jenereta kapena inveta ikamadyetsa nyumba, apo ayi magetsi anu amabwerera pa laini n'kukapha munthu yemwe ali pa polo akukhulupirira kuti athimitsa.

Tikudziwa kuti ndalama zavuta, ndipo sitikunena kuti aliyense agumule nyumba yonse. Ntchitoyi imatheka m'zigawo, bola kuyamba ndi zoteteza moyo. Choyamba earth ndi earth leakage. Kenaka bokosi: lamafyuzi lichoke, mababu, masoketi, kuka ndi giza zipatukane, ndipo breaker iliyonse ilembedwe chomwe imadyetsa kuti ngakhale mwana adziwe yothimitsa. Pambuyo pake onjezerani masoketi m'khitchini ndi pabalaza kuti maekisitenshoni achepe. Kusintha mawaya onse kumabwera pokhapokha kuyeza kwasonyeza kuti atha. Mmisiri yemwe mwamuitana akuonetseni chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo afike ndi zoyezera, osati tesita ya sikuluwudalaiva yokha. Zotsatira za kuyezako akulembereni papepala. Malangizo athu ndi akuti nyumba yokhalamo mwini iyenderedwe zaka khumi zisanakwane, ya lendi zaka zisanu zilizonse kapena wochita lendi watsopano asanalowe. Alandilodi, wochita lendi akakuuzani kuti soketi ikununkha, musadikire kutha kwa mwezi kuti mudule pa lendi, tumizani mmisiri tsiku lomwelo.

Moto ukabuka, thamangirani ku main switch kaye, ndipo thirani mchenga kapena dothi, osati madzi. Munthu akagwidwa ndi nyesi musamukoke ndi manja: thimitsani, kapena mukankheni ndi mtengo wouma mutaponda pouma, kenaka mupite naye kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa mtima umatha kusokonekera pambuyo pake.

Tikupemphanso a MERA kuti mayina a amisiri ovomerezeka a boma lililonse azipachikidwa pa maofesi a khonsolo ndi kuwerengedwa pa wailesi za kuno, kuti munthu wa ku Thekerani kapena ku Muloza adziwe woti amuitane. Kwa eni nyumba, nthawi yabwino yoyendera mawaya ndi October, siling'i ikadali youma komanso malata odontha akadali otheka kumata mvula isanayambe.

Ndife anu,
Amisiri a zamagetsi,
Chitakale, Mulanje